Dzanja Lotsala la Achimwene

Sindidziwa ngati njira zimene ndikufuna kunenazi ndinaziyenda ndi mapazi kapena ndinangozilota, koma zipsera zake zili pazala zanga mpaka lero. Zinayamba tsiku limene macheka a bambo Kachigamba anadya dzanja la achimwene anga a Lufeyo. Dzuwa linali paliwombo, ine nditawabweretsera madzi akumwa m'chigubu. Iwo ankakankhira thabwa la mlombwa kumano a macheka, thabwalo linaterereka, ndipo phokoso la makina linasintha pang'ono chabe. Dzanja lamanja linagwera mu utuchi zala zikugwedezekabe. Magazi anafika mpaka kumalata a denga. Ine ndinakuwa, achimwene sanakuwe, anangoyang'ana pansi. Macheka anapitiriza kuzungulira, chifukwa swichi inali kutali, kuseri kwa mulu wa matabwa.

Bala litapola, achimwene anabwerera pamacheka pomwepo. Ankakankha matabwa ndi dzanja lamanzere, n'kumathandizira ndi chitsa cha mkono wodukawo. Kwathu kunalibe ntchito ina, ndipo ana awo ankamva njala ngati ana ena onse. Ndinawakalipira, ndinalira, mpaka ndinawatchula chitsiru, mawu amene mlongo sauza mkulu wake.

"Nanga anawa adye chiyani, iwe? Utuchi?" anandiyankha choncho, n'kunyamula thabwa lina.

Munthu wina wokonza magetsi, amene anabwera kudzaona mota ya machekawo, anandipeza ndikulira kuseri kwa shedi. Anapisa m'chikwama chake n'kutulutsa kabokosi kakang'ono kokhala ndi kadiso kagalasi.

"Aka, mayi, kakaona dzanja likuyandikira mano, kangathe kumanga buleki, macheka n'kuima pomwepo. Koma n'kogontha. Kamamva pokhapokha wina akalembere pulogalamu m'chiyankhulo cha makina."

"Ndani amachidziwa chiyankhulocho?"

Analoza kumsewu ndi sipanala, n'kundisiyira kabokosiko m'manja. Ndinamanga kabokosiko pansonga ya chitenje, n'kunyamuka osatsanzika. Ndinali ndi mantha kuti dzanja lotsalalo lidzagwera mu utuchi ine ndisanabwere, ndipo mantha amenewo sanandichoke zaka zonse zimene ndinayenda.

Tauni yoyamba inali ya njanji. Sitima sinkadutsa, koma anthu ankaidikirabe. Pakhonde la sitolo ina yotsekedwa panali mayi Esinala, okonza mafoni ndi mawailesi, ndipo kumbuyo kwawo kunali kompyuta yakale yokutidwa ndi nsanza. Ndinkawasesera ndi kuwatungira madzi, iwo n'kumandilola kukhala pakompyutapo dzuwa likadali m'mwamba.

"Makina samva zimene walemba iwe," anandiuza. "Pakati pa iwe ndi makina pamakhala kompaila. Iyeyo ndiye amawerenga zolemba zako n'kuzitembenuzira m'zimene makina amamva. Akakana, palibe chimadutsa."

Ine ndinkaganiza kuti akunena kapulogalamu kena chabe. Koma nditalemba mizere yanga yoyamba n'kudina batani, ndinamuona. Anali atakhala pachitsa kuseri kwa galasi la kompyuta, bambo wopanda makutu, wovala jekete yofiira, chikoti cha waya chili pamiyendo. Anawerenga ndi chala, anaima, ndipo chikoticho chinatuluka m'galasimo n'kundipeza pamfundo za zala. Khungu linang'ambika. Pagalasi panadzaza mawu ofiira.

"Waiwala kadontho kamchira kumapeto kwa mzere," anatero mayi Esinala osatembenuka n'komwe.

"Munthu wamkulu ngati uyu kumenya mzimayi chifukwa cha kadontho?"

"Ndipo sanayambe. Pukuta magaziwo, usandiwonongere mabatani."

Anandimenya chifukwa cha kadontho, anandimenya chifukwa chotsegula chitseko chokhota osachitseka, anandimenya chifukwa choika mawu pamalo amene ndinalonjeza kuti pakhala nambala. Chimene chinkandipsetsa mtima kwambiri n'chakuti ankaloza mzere wosalakwa. Cholakwa chili pamwamba, iye akuloza pansi, ine n'kutha tsiku lonse ndikufufuza pamene palibe kanthu. Ndinamutukwana matukwano onse a kwathu. Munthu wopanda makutu sumupweteka ndi pakamwa, ndinangodzitopetsa.

Mvula inabwera n'kupita. Madontho ndinawadziwa, zitseko ndinazidziwa, ndipo kompaila wa m'tauni imeneyo anayamba kuwodzera. Chilichonse chimene ndinkamupatsa ankangogwedeza mutu kuti dutsa. Ndinadzimva kuti ndine katswiri.

Mayi Esinala anandiphunzitsa kuti m'kati mwa kabokosi muli tizipinda tondandana ngati nyumba za lendi, ndipo chilichonse chimene pulogalamu ikusunga chimagona m'chipinda chake. Ukafuna chinthu, umasunga chala choloza pakhomo pake. Ine ndinapempha zipinda zochepa, koma polemba ndinapitirira khomo lomaliza n'kulowetsa katundu wanga m'chipinda cha eni ake. Kompaila anaona kapena sanaone, sindidziwa. Anali akukanda mwendo ndi chikoti chake.

Tinayesa pulogalamuyo pa fani yachitsulo yopanda chotchinga. Ndinalumikiza kabokosi, mayi Esinala anayandikiza mzimbe kumapiko a faniyo. M'malo moima, fani inalusa. Inalira ngati nkhumba yogwidwa miyendo, phiko limodzi linathyoka, linauluka n'kuwang'amba tsaya kuyambira pakamwa mpaka kukhutu. Anakhala pansi atagwira chitenje patsayapo, magazi akudutsa pakati pa zala.

"Kompaila wakunoyu ndi waulesi," anayankhula ndi mbali imodzi ya kamwa. "Amamenyera tinthu ta ziii, zopha anthu amazilola. Pita kumene kuli wankhanza weniweni."

Ndinapepesa nditagwada. Iwo anatenga mtolo wanga n'kuuponya panjanji.

Panjira ndinakumana ndi lole ya matabwa itaima chifukwa cha tayala. Ndinafunsa dalaivala ngati munthu wa dzanja limodzi akadali pamacheka a bambo Kachigamba.

"Akadalipo. Amakankha bwino kuposa a manja awiri."

Malo achiwiri anali msika wa pamalire, wodzaza fumbi ndi nyumba zazitali zosungiramo matumba a feteleza. Kumeneko kunali a Sinoya, bambo wonenepa, wosekaseka, amene ankalemba mapulogalamu a makina okwezera matumba m'mwamba. Makinawo anali ndi mbedza yaikulu ndi chingwe cha waya. Ndinkawachapira ndi kuwaphikira, iwo n'kumandilola kugwiritsa ntchito kompyuta yawo yaing'ono yopinda.

Chiyankhulo cha makina cha kumeneko chinali china, koma nditadina batani ndinapeza bambo yemwe uja, wopanda makutu, jekete yofiira. Chikoti chinali chitatalika, ndipo maso ake analibe tulo.

Pulogalamu yanga inali ndi mbali ziwiri. Ina inkazungulitsa mota, ina inkayang'anira kadiso. Zonse ziwiri zinkafuna swichi yoimitsira makina. Ndinapereka swichiyo kwa mbali ya mota, kenaka ndinaitchulanso m'mbali ya kadiso. Chikoti chinandipeza ndisanachotse chala pabatani.

"Kuno chinthu chilichonse chili ndi mwini mmodzi," anatero a Sinoya akusenda nthochi. "Ukachipereka, chapita. Sungachiitanenso ngati chako."

"Ndiye winayo atani?"

"Abwereke. Ika kachizindikiro aka, kopindika ngati mfundo ya chingwe. Ndiko kubwereka kumeneko."

Mtima wanga unakhala pansi. Kubwereka? Ine ndinabadwira m'kubwereka. Kwathu khasu limodzi limalima minda ya mudzi wonse, mtondo umagona kumene wathera ntchito, ndipo palibe amene amafunsa. Ndinamwaza timfundo timeneto paliponse ngati mchere. Kompaila anaimirira pachitsa chake, chinthu chimene ndinali ndisanaonepo, ndipo anandikwapula mpaka chikhadabo cha chala chapakati chinasendeka.

Malamulo ake a kubwereka sanali a anthu. Ofuna kungoyang'ana chinthu angabwereke ambirimbiri nthawi imodzi, koma wofuna kuchigwira n'kuchisintha abwereke yekha, ndipo pamene iye wagwira, wina aliyense asayang'aneko, ngakhale mwini wake. Ndinkafuna kuti mota ndi kadiso zigwire swichi limodzi, monga mmene anthu awiri amagwirira mtanda umodzi. Iye ankakana.

Komanso chiyankhulo chathu chomwechi chinkandisocheretsa. Kwathu wopereka njinga amati ndabwereka mnzanga njinga, wolandirayo amatinso ndabwereka njinga. Liwu ndi limodzi, ndipo m'mutu mwanga wopereka ndi wolandira ankasakanikirana ngati nyemba ndi chimanga mumphika umodzi. Ndikalemba mizere ingapo ndinkaiwala kuti mwini ndani, wobwereka ndani. Kompaila sankaiwala. Zala zanga zinatupa mpaka ndinkalephera kumanga chitenje.

Zala za a Sinoya zinali zosalala ngati za khanda. Ndinawafunsa chinsinsi chake tsiku lina ndikuwathira madzi osamba m'manja.

"Iwe umalimbana naye, ndiye vuto lako," anaseka. "Pali liwu limodzi. Ukalilemba n'kutsekera mizere yako m'kati mwake, mkuluyo amagona. Tanthauzo lake ndi lakuti ndikudziwa chimene ndikuchita, ndisiye. Analiikira akatswiri, kuti azilitchula mwa kamodzikamodzi. Ine ndimalilemba pamwamba penipeni, n'kutsekera pansi penipeni."

Anandionetsa. Bambo wopanda makutu uja anawerama, chikoti chinagwa m'manja mwake. Ndinachita nsanje yoopsa, ndipo ndikanalilemba liwulo tsiku lomwelo zala zikanakhala kuti sizikutuluka mafinya.

M'mawa wina waganyu wina anaima pansi pa mbedza akumasula chingwe cha nsapato. Pamwamba pake panali matumba a feteleza atalendewera. Woyendetsa makina anadina batani loimitsa, ndipo mbedza, m'malo moima, inamasuka. Matumba anamutsikira pamsana. Phokoso lake linali lalifupi. Pamene anzake ankachotsa matumbawo, miyendo yake inali italoza kwina, mutu kwina, ndipo feteleza woyera anali atasanduka wofiira.

Aganyu anzake sanafunse zambiri. Anawatulutsa a Sinoya m'kaofesi kawo powakoka miyendo, anawagoneka pasikelo yoyezera matumba, n'kuyamba kuwaphwanya zala ndi miyala yachitsulo ya sikeloyo, chimodzichimodzi.

"Pulogalamu inadutsa!" ankakuwa a Sinoya. "Kompaila analola! Analola!"

Palibe amene ankadziwa kuti kompaila ndani. Wina anabweretsa tayala, wina anathamangira mafuta. Mayi wina wogulitsa mandasi anandiloza kuti nayenso uyu amakhala pakompyutapo. Aganyuwo ananditembenukira, wina anandigwira mkono, koma ataona zala zanga anandisiya.

"Uyu amuphwanya kale," anatero.

Ndinalowa m'kaofesi, ndinanyamula kompyuta yopinda ija isanatenthedwe, ndipo ndinathawa utsi ukukwera kumbuyo kwanga.

Pamphambano ina ndinapeza lole ya matabwa, dalaivala wake akudya chinangwa. Ndinamufunsa funso lomwe lija.

"Akadalipo. Koma nsonga ya kachala kakang'ono inapita mwezi wathawu. Anangomanga kansanza n'kupitiriza."

Sindinalire. Ndinayenda mofulumira, ngakhale sindinkadziwa kumene ndikupita.

Malo achitatu anali mudzi wa pamwamba pa phiri, kozizira, kumene nkhungu inkalowa m'nyumba ngati mlendo wozolowera. Bambo wina wamasiye, a Filimoni, anali ndi sola padenga, ndipo anandibwereka chipinda cha kumbuyo. Ndinkawatolera nkhuni. Anali munthu wosayankhulayankhula, wokhosomola kwambiri.

Kumeneko ndinalibe mphunzitsi, tinangotsala awiri, ine ndi wopanda makutu uja. Malamulo akale ndinali nditawazolowera pang'ono, koma anatulutsa lina. Nthawi iliyonse ndikadina batani, mawu ofiira ankati chinthu chimene ndabwereka chikukhala nthawi yaitali kuposa mwini wake. Mbali ina ya pulogalamu yanga inkapanga swichi, n'kuibwereka kwa kadiso, kenaka mbali imeneyo inkamaliza ntchito yake n'kutha. Kadiso kankatsala katagwira swichi ya mwini amene kulibenso.

Ine sindinkaona cholakwa. Nkhwangwa ya malemu agogo anga aamuna ikuzungulirabe m'mudzi mwathu, eni ake anaola kalekale, ndipo ikudulabe mitengo. Ndinamuuza kompaila zimenezi mokweza mpaka a Filimoni anagogoda kufunsa ngati ndili bwino. Chikoti chinkabwera m'mawa, chinkabwera masana. Zipsera zakale zinkatseguka zisanapole.

Nyengo yozizira itafika pakati, a Filimoni anamwalira. Tinawaika, anthu anameta, ndipo ine ndinabwerera m'chipinda changa n'kutsegula kompyuta. Ndili m'kati molemba ndinamva khoma likugunda. Dothi linandigwera m'tsitsi. Nditasuzumira pazenera ndinaona abale a malemu atazungulira nyumba ndi nkhwangwa, makasu ndi mitengo. Kumeneko mwambo wawo unali wakuti mwini nyumba akafa, nyumba yake imagwetsedwa.

"Muli munthu muno!" ndinakuwa.

"Ndani?" anafunsa mphwawo wa malemu, bambo wamtali wometa kumene.

"Ine. Chipindachi ndinabwereka."

"Munabwereka kwa yani, mayi?"

"Kwa a Filimoni."

"A Filimoniwo ali kuti?"

Ndinayang'ana njira ya kumanda. Iye anatembenukira anzake n'kukweza nkhwangwa. Sanandide, sanandikalipire, anangopitiriza ntchito imene anabwerera. Mtanda wa denga unatsika n'kundimenya paphewa, ndinamva fupa likuthyoka, dzino limodzi linatsalira m'dothi. Ndinatuluka chokwawa pansi pa udzu, kompyuta ndi kabokosi zili pamimba.

Ndinakhala m'mudzimo mpaka phewa linagwira. Pamalo pa nyumba ija mphwawo anamangapo khola la nkhumba. Tsiku lina ndinaona mlendo wochokera kutali, amene sanamve za maliro, ataima pakhomo pa kholalo akuti odi, odi a Filimoni, nkhumba n'kumamuyankha. Anthu anaseka, koma ine sindinaseke. Ndinazindikira chimene chinapha waganyu uja. Pulogalamu ya a Sinoya inapita kukagogoda pakhomo pa swichi yoimitsa, mwini wake atatha kale, chipinda chitapatsidwa kwa wina, ndipo amene anatsegula anali womasula mbedza. Kompaila akanakhala maso akanakana, ndipo ine ndinali nditatha nyengo yonse ndikumutukwana chifukwa chokana zomwezo.

Sindinganame kuti ndinayamba kumukonda. Munthu amene wakuswa zala sumukonda. Koma ndinasiya kumuuza za nkhwangwa ya agogo.

Lole ya matabwa imene ndinakumana nayo potsika phiri sinaime. Ndinaithamangira ndikufuula funso langa, wothandiza dalaivala anangokweza dzanja limodzi m'mwamba. Sindinadziwe ngati akundiyankha kapena akunditsanzika.

Malo omaliza anali doko la mtsinje waukulu, pamene bwato lachitsulo linkawolotsa anthu ndi njinga zawo. Ndinkatsuka mbale m'kalesitilanti ka pagombe, mwini wake n'kumandilola kutchaja kompyuta. Mawu ofiira anali atachepa, koma vuto limodzi linatsala, lija la kumsika wa pamalire. Mota inkafuna swichi, kadiso kankafuna swichi. Ndikabwereka uyu, uyo ankadandaula. Ndikapeza njira yoti azilandirana, ndinkaona ndekha kuti padzakhala kamphindi kamene swichi ili m'manja mwa mota pamene dzanja la achimwene likulowa, kadiso n'kumadikira pamzere.

Masana ena amuna awiri anayambana pamzere wodikira bwato. Onse anagwira chikwanje chimodzi, wina kuchigwiriro, wina kumsana kwake.

"Chikwanjechi ndinabwereka ine!" anatero woyamba.

"Wabodza! Ndinabwereka ndine!" anatero wachiwiri.

Anthu anawazungulira, koma palibe amene akanaweruza. Wina ankamva kuti woyambayo ndiye mwini amene anapereka, wina ankamva kuti ndiye analandira. Mwina onse awiri anachitenga kwa munthu wachitatu, sindidziwa. Anakokana, anagwera m'matope, anadzukanso osachisiya. Kenaka wa kuchigwiriro anakoka mwamphamvu, ndipo zala za mnzakeyo zinatsala zikulendewera ndi khungu lokha. Wovulalayo anatola mwala ndi dzanja linalo n'kumuswa mnzake pamphumi. Bwato linafika, anthu anawalumpha n'kukwera.

Ndinabwerera kukompyuta manja ali ndi thovu la sopo. Ndinafufuta timfundo tonse ta pa swichi yoimitsa. Sindinabwereke aliyense. Ndinaipereka kwa kadiso, yonse, kuti ikhale yake kuyambira pamene makina ayaka mpaka pamene azima. Mota ndinailanda chilichonse. Ikafuna kuzungulira iziyamba yafunsa kwa kadiso, ndipo kadiso kakati ayi, ndi ayi.

Ndinadina batani n'kubisa zala m'khwapa mwachizolowezi. Palibe chinabwera. Pagalasi panalibe liwu lofiira ngakhale limodzi. Bambo wopanda makutu uja anawerenga mpaka pansi, anabwerera pamwamba, anawerenganso. Kenaka anaimirira, ananyamula chitsa chake n'kuchisunthira pambali kuti pulogalamu yanga idutse. Sanandiyamikire, sanandiyang'ane n'komwe. Ine ndinachita mantha kuposa masiku onse amene ankandimenya, chifukwa tsopano panalibenso wina woti andiletse.

Ulendo wobwerera sindiukumbuka. Ndimangokumbuka fungo la utuchi, ndi phokoso la macheka likumveka ndisanaone denga la shedi. Ndinaima panjira. Kenaka ndinawaona achimwene, imvi zili mbuu, akukankha thabwa ndi dzanja lamanzere. Linalipo.

"Wabwera," anatero. "Mano ako ali kuti?"

"Limodzi linatsala kuphiri. Zimitsani makinawo, achimwene."

Bambo Kachigamba anali atakalamba, koma pakamwa panali pomwe paja. Anandilola kulumikiza kabokosi chifukwa chofuna kuonerera mzimayi akuchita manyazi. Ndinamangirira kadiso pamwamba pa mano a macheka, ndinalumikiza mawaya kubuleki ndi kumota, aganyu onse atasiya ntchito n'kundizungulira.

"Tsono ine swichi yanga ili kuti?" anafunsa bambo Kachigamba.

"Yoyatsira ndi iyi, bambo. Koma yoimitsira mwini wake ndi kadisoka. Kakaona dzanja, makina aima, ndipo sayakanso mpaka dzanjalo litachoka. Ngakhale inuyo simungawakakamize."

"Macheka anga omwe, ndizikapempha kwa kagalasi? Ikani pena poti ine ndizitha kubwerekako swichiyo tikakhala ndi matabwa ambiri."

"Sikabwereketsa, bambo."

"Ndiye kachotseni."

"Muyambe mwaona."

Ndinayatsa makina. Ndinatenga thunthu la nthochi n'kulikankhira kumano mmene dzanja limapitira. Buleki inagunda ngati mfuti, shedi yonse inagwedezeka, macheka anaima thunthulo litangokandika pang'ono. Aganyu anafuula. Bambo Kachigamba analavula pansi.

"Nthochi si munthu. Nthochi ndi yaikulu, ndi yobiriwira, kagalasi kalikonse kangaione." Anatembenukira achimwene. "Lufeyo, akuti akuteteza iwe. Ika dzanja tione. Macheka akaima, kabokosi kakhala. Ukaopa, ndikazula lero lomwe, ndipo mlongo wakoyu asadzapondenso pano."

Ndinaganiza kuti achimwene akana. Koma iwo anayang'ana zala zanga, zokhotakhota, zopanda zikhadabo zina, anayang'ana phewa langa lopendekeka, ndipo anayamba kukwinya mkono wa malaya ndi mano. Bambo Kachigamba anadina swichi. Macheka anayamba kulira, mano ake anasanduka mzere umodzi wonyezimira.

Kompaila anali atalola, inde. Koma iye amangoona za mwini ndi wobwereka. Sadziwa ngati waya wamasuka, sadziwa ngati utuchi waphimba kadiso, sadziwa ngati ine ndinalemba nambala yolakwika ya mtunda wa dzanja ndi mano. Zimenezo zinali zanga ndekha. Achimwene anaponda phazi limodzi kutsogolo, dzanja lili patsogolo pawo, lotambasula.

Ndinawagunda ndi phewa labwino lija mpaka anadzandira n'kugwera pamulu wa matabwa, ndipo ndinaponya dzanja langa lamanja kumano a macheka.

Buleki inagunda. Kenaka kunali zii, moti ndinamva utuchi ukugwa kuchokera kudenga. Ndinatsegula maso. Dzino limodzi la macheka linali litakhala pakhungu la kuseri kwa dzanja langa, ndipo kamzere ka magazi kankatsika pang'onopang'ono kulowera kuchigongono. Ndinagwedeza zala. Zonse zinayankha.

Sindinawaone achimwene akudzuka. Ndinangomva mbama. Inanditera patsaya ndi mphamvu ya munthu amene wakankha matabwa moyo wake wonse, ndipo ndinagwa chagada mu utuchi, khutu likulira.

"Wapenga, iwe? Wapenga?" ankafuula, misozi ikutsikira m'ndevu. "Ukanaduka ndikanauza chiyani anthu? Ndani anakutuma?"

Tsaya langa linkayaka moto, ndipo pamotopo ndinkamva chala chilichonse pamene chinatera, chachikulu pansi pa chibwano, zinazo m'mwamba mpaka kukhutu, ndi kakang'ono kodukako pambali pa diso. Ndinayamba kuseka, magazi ali m'kamwa, ndipo ndinkalephera kusiya.

"Menyaninso, achimwene," ndinatero.

Sanamenye. Anagwada pambali panga n'kuyamba kundichotsa utuchi m'tsitsi.